Wojambula pamakoma amene amaphunzitsanso yoga

Anthu ambiri akamva kuti munthu mmodzi amajambula zithunzi pamakoma a mumzinda komanso amaphunzitsa yoga, mwambo wochokera ku India wophunzitsa thupi, kapumidwe ndi maganizo, amaganiza kuti akungosaka ndalama mbali ziwiri, chonsecho luso lojambula ndi yoga zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kalekale. Mfumu Man Singh, imene inalamulira dera la Jodhpur ku India kuyambira 1803 mpaka 1843, inkalemekeza kwambiri akatswiri a yoga a gulu la Nath, moti amisiri a kunyumba yachifumu anawajambula m'zithunzi zambiri. Mu 2013, nyumba yoonetseramo zaluso ya Arthur M. Sackler Gallery ya ku Washington, ku America, inasonkhanitsa zosemasema ndi zojambula zoposa 100 pofuna kufotokoza mbiri ya yoga.

Mayi amene amandiphunzitsa yoga anabadwira mumzinda waukulu, koma makolo awo anachokera kumwera kwa India, ndipo chimene amajambula pamakoma ndi kolam. Ku Tamil Nadu, chigawo cha kumwera kwa India, amayi amajambula kolam pakhomo m'mamawa pogwiritsa ntchito ufa wa mpunga. Amayamba ndi kuika timadontho m'mizere, kenaka amayendetsa mzere wokhotakhota kuzungulira timadonthoto mpaka utabwerera pamene unayambira, ndipo nyerere ndi mbalame zimadyako ufawo. Aphunzitsi angawa amachita zomwezo ndi penti, pakhoma lalitali kuposa munthu.

Ndinawaonapo ali pamakwerero, ndipo ndinazindikira kuti sayamba mzere wautali asanakoke mpweya. Amaukoka, kenaka amautulutsa pang'onopang'ono kwinaku burashi ikutsika, chifukwa munthu akabanika dzanja limanjenjemera ndipo penti imaonetsa poyera pamene panagwedezeka. Kuwongolera kapumidwe kumeneku ndi kumene a yoga amati pranayama. Akatsika pamakwerero mapewa atauma, amayala mphasa nkuwongola msana, ndiye n'zovuta kunena kuti ntchito ina yathera pati ndipo inzake yayambira pati.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti sabisa gwero la zimene amaphunzitsa. Yoga yochita kutambasula thupi imene yafala m'mizinda inakula makamaka kudzera mwa Tirumalai Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Mysore ku India m'zaka za m'ma 1930, ndi ophunzira ake monga B.K.S. Iyengar ndi Pattabhi Jois. Bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku la yoga mu 2014, ndipo UNESCO, nthambi yake yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika yoga pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2016. Kutchuka kotereku kwachititsa kuti ena azigulitsa yoga ngati masewera wamba olimbitsa thupi, osatchula n'komwe dziko la India, zimene kwa ine n'kupanda ulemu.

Komabe pali funso limene achikulire ena a kwawo amawafunsa, ndipo sindiliona ngati lachabe. Kolam anapangidwira kuti afufutike, anthu amuponde, mphepo imuulutse, mawa lake ajambulidwenso wina. Akapakidwa penti yokhala zaka zambiri, nyerere sizipezapo chakudya, ndipo khama lodzuka tsiku ndi tsiku limatha. Mayiwa amayankha kuti ana obadwira m'nyumba zosanjikizana alibe bwalo lothirapo ufa, ndipo khoma ndi malo okhawo amene angaonerepo luso la agogo awo. Ndimagwirizana nawo pang'ono chabe, chifukwa ndikanakonda kuti pambali pa khomalo aziphunzitsanso anawo kugwira ufa ndi zala zawo.