Lekani kupengetsa nduna pa tsamba lomaliza

Nkhani zopeka zambiri zokhudza katangale zimene ndimawerenga m'nyuzipepala za Loweruka kapena kumva pa wailesi zimatha mofanana. Pamakhala nduna kapena phungu wa chimimba, wa galimoto zitatu ndi chibwenzi ku Area 47. Wadya ndalama za mlatho. Nkhani ikamapita kumapeto mwana wake yemwe amadwala usiku, mvula yagwa, mlatho uja wakokoloka, ambulansi yakanika kuwoloka, mwana n'kutsirizikira m'manja mwa atate ake. Apo ayi bwanayo amapenga, mumupeza akutola m'mabini pa msika wa Limbe atavala jekete lokha. Wolemba amatsekera ndi mwambi woti choipa chitsata mwini, ife owerenga n'kuusa moyo, mtima n'kukhala pansi.

Nkhani zoterezi zandikwana. Ndikuona kuti zikuthandiza akuba kuposa mmene zikuthandizira obedwa.

Inenso ndimalemba nkhani zifupizifupi, koma ndisanayambe kulemba ndinakhalapo kalaliki mu ofesi ina yowerengera ndalama za boma. Kumeneko sindinaonepo munthu atapenga chifukwa chodya ndalama za anthu. Amene ndinawaona ankanenepa, ankamanga nyumba za lendi, ndipo akapuma pantchito tinkawasonkhera mphatso. Ana awo anaphunzira bwino. Ena lero ndi akulu a mpingo.

Tayang'anani mmene milandu yeniyeni imathera kuno. A Bakili Muluzi anamangidwa koyamba mu 2006 pa nkhani ya ndalama zokwana K1.7 biliyoni, mlandu n'kumangoimitsidwaimitsidwa mpaka boma linauthetsa mu 2023. A Saulos Chilima anamangidwa mu Novembala 2022 pa nkhani ya katangale yokhudza wabizinesi Zuneth Sattar, mu Meyi 2024 mlandu unathetsedwa, patangotha mwezi iwo anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Sindikunena kuti anthu awiriwa anali olakwa, ndiponso sindikunena kuti anali osalakwa. Dandaulo langa ndi lakuti khoti silinafike poti n'kutiuza. Ngati ananamiziridwa, sanayeretsedwe pamaso pa anthu. Ngati anadya, ndalamazo sizinabwerere. Umu ndi mmene nkhani zathu zenizeni zimathera, fayilo imangozizira. Ndiye wolemba akabwera n'kupereka chilango chimene khoti silinapereke, akumuchotsa wowerenga mkwiyo umene amayenera kupita nawo kwa phungu wake. Munthu amagona tulo tabwino poganiza kuti Mulungu aona yekha, chonsecho ku chipatala cha kwawo kulibe ngakhale panado.

Ndikudziwa kumene chizolowezichi tinachitenga. Kusukulu, pa phunziro la Chichewa, funso lomaliza pa nkhani iliyonse linkakhala lakuti, kodi tikuphunzirapo chiyani pa nkhaniyi? Tinakula tikudziwa kuti nkhani yopanda phunziro siilandira malikisi. Mbali ina tinaitenga kwa agogo, pomwe Fisi amayenera kupsa mchira nthano isanathe kuti ana akagone. Nthano za agogo sindikuzinyoza ayi, zinali za ana ndipo ntchito yake zinkagwira. Koma wowerenga wanga ndi munthu wamkulu amene amadulidwa msonkho pa malipiro mwezi ndi mwezi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti nkhani zathu sizidziwa mmene ndalama imabedwera. Nduna ya m'nkhani imangoti "ndadya ndalama za mlatho", ngati inazipeza pa tebulo. Ndalama ya boma siyenda choncho. Imayenda pa pepala. Pamafunika wina wopempha katundu, wina wobweretsa makoteshoni atatu (nthawi zambiri onse atatu ochokera m'thumba la munthu mmodzi), wina wolemba vocha, wina wosainira kuti katundu wafika pomwe sanafike, wina wovomereza, wina wosindikiza cheke, ndi wina ku banki woti asafunse mafunso ambiri. Anthu asanu ndi awiri kapena kuposa, aliyense ali ndi dzina, ali ndi ngongole yake ya katapila, ali ndi mayi ake odwala shuga kumudzi.

Cashgate inatiphunzitsa zonsezi poyera. Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013 a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu woona za bajeti, anawomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Area 43, ndipo m'masabata otsatira apolisi anayamba kupeza mamiliyoni m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za antchito a boma, ena a iwo a malipiro ochepa zedi. Njira yake inali yosavuta. Mu kompyuta ya IFMIS, yoyendetsera malipiro a boma, ankalowetsamo malipiro opita ku kampani imene sinagulitse kanthu ku boma, cheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa, kenaka wina n'kufufuta zonse mu kompyutamo. Lipoti loyamba la akatswiri a Baker Tilly, kumayambiriro kwa 2014, linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala. Mayi Tressa Senzani, omwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa kukhala kundende zaka zitatu, a Oswald Lutepo zaka 11.

Tsono mu zonsezi ine amene amandisowetsa tulo ndi munthu uja ankafufuta. Ankakhala pa mpando wanji? Tsiku loyamba dzanja lake linanjenjemera? Anauzidwa ndi yani, ndipo anauzidwa ndi mawu otani? Pajatu bwana sanena kuti "tiye tibe". Amangoti, "Achimwene, iyi ndi yochokera kumwamba, ithamangitseni," kapena, "Mwana uja mwati ali fomu chiyani?" Madzulo ake munthuyo akafika kunyumba ndi nkhuku ndi thumba la mpunga pakati pa mwezi, mkazi wake amafunsa kapena amangotereka madzi pamoto? Izi mtolankhani sangazipeze, woweruza sazifuna, wofufuza mabuku alibe poti n'kuzilemba. Ndi wolemba nkhani zopeka yekha amene angalowe m'chipinda chimenecho. Ife m'malo molowamo timathamangira kukajambula mimba ya nduna.

Ndipo tikati tilowemo tidzapezamo abale athu. Mu ofesi imene ndinkagwira munali bambo wina wachikulire amene ankakana kusainira alawansi ya masiku asanu pa msonkhano wa kunyanja umene watha masiku awiri. Anzake ankamuti ngogona. Kwawo ankamuti ngouma manja, chifukwa pa maliro sankatha kugula bokosi yekha, pomwe mnzake wa giredi yomweyo ankabwera ndi bokosi, lole yonyamula anthu ndi matumba a ufa. Amfumu poyamika pa manda ankatchula dzina la mnzakeyo kawiri. Palibe amene ankafunsa kuti kalaliki wazitenga kuti. Timati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo timanena mwambiwu tikuseka, osati modandaula. Nkhani yoona yokhudza katangale iyenera kukhala ndi azakhali amene akulandira, abusa amene akudalitsa envulopu, ndi mlamu amene akunyoza wokana kuba. Wowerenga akadziona m'menemo sadzapuma bwino, ndipo n'zimene ndikufuna.

Anzanga ena amati tikubisala m'mafanizo chifukwa cha mantha. Kale zinali zomveka. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968 linkapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa chilichonse, ndipo achinyamata amene anayambitsa gulu la alembi ku Chancellor College mu 1970 anaphunzira kuyankhula kudzera mwa nanzikambe, Napolo ndi mbalame, kuti wakumva amve koma wa Special Branch asapeze pogwira. Ngakhale zinali choncho a Jack Mapanje anatengedwa mu Sepitembala 1987 n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu. M'masiku amenewo a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa mu Meyi 1983, mtundu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto ku Thambani, m'boma la Mwanza. Boma ndi limene linkalemba nkhani zopeka nthawi imeneyo, ndipo wotsutsa nkhaniyo ankasowa. Amene ankalemba mophiphiritsa m'zaka zimenezo ndimawavulira chipewa.

Lero mantha alipobe, sindikana. Mtolankhani Gregory Gondwe anagwidwa ndi apolisi mu Epulo 2022 chifukwa cha nkhani yokhudza Sattar yemweyo. Mayi Martha Chizuma, ali mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, anatengedwa kunyumba kwawo m'bandakucha mu Disembala chaka chomwecho. Lamulo la za pa intaneti la 2016 lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Koma onani kuti onsewa anavutika chifukwa chotchula maina enieni ndi zikalata zenizeni. Wolemba nkhani yopeka safunika dzina la munthu aliyense. Palibe wapolisi amene angabwere kudzakugwirani chifukwa mwafotokoza bwino mmene vocha yabodza imadutsira pa matebulo asanu. Chimene chimatiletsa si mantha, n'chakuti sitinapite kukafufuza, ndipo kupengetsa nduna n'kosavuta kusiyana ndi kuwerenga lipoti la mkulu wofufuza mabuku a boma.

Chikhala kuti timawerenga, bwenzi tikuona kuti zochitika zenizeni zatisiya kutali. Mu 2022 boma linalipira K750 miliyoni ku kampani ina ya ku Britain kuti ibweretse feteleza wa AIP, kenaka n'kudziwika kuti kampaniyo ntchito yake ndi yogulitsa nyama. Nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, anachotsedwa. Ndikanalemba zimenezi ngati nkhani yopeka chaka cha 2021, mkonzi aliyense akanandibwezera kuti ndawonjeza mchere. Mu 2021 lipoti la K6.2 biliyoni za Covid-19 linaonetsa kuti gawo lalikulu linathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, pomwe anthu ankasowa mpweya m'zipatala. Nanga chisankho cha 2019 chija? Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo chothetsa zotsatira zake, ndipo dziko lonse linaphunzira dzina la tipeksi. Ambiri oyang'anira malo oponyera voti anali aphunzitsi. Ine ndikufuna kuwerenga nkhani ya mphunzitsi mmodzi wotere, usiku m'kalasi, nyali ikuthima, manambala akukana kugwirizana, mamonita akumuyang'ana, kabotolo koyera kali m'chikwama. Mwina ankabera, mwina anangotopa n'kulakwitsa kuwonkhetsa. Wolemba wabwino angatisiye tikukangana za iye mpaka mawa.

Pali chinanso chimene tiyenera kuuzana ife alembi, ngakhale chimawawa. Taonani maina amene timapatsa akuba m'nkhani zathu. Kawirikawiri wakuba amakhala ndi dzina la mtundu wina, wa chigawo china, ndipo wozunzika amakhala ndi dzina la kwathu. Wolemba yemweyo amene ankalemba moto pa nthawi ya DPP anangoti zii a Chakwera atalowa mu 2020, n'kuyamba kulemba za chikondi. Amene ankalemba moto pa nthawi ya Tonse nawonso ndikuwaona akuzizira chibwerereni a Mutharika pa chisankho cha Sepitembala 2025. Boma lililonse latsopano limamanga a boma lakale, ife n'kuwomba m'manja kapena kulira molingana ndi mtundu wa nsalu imene tinavala pa kampeni. Ngati cholembera chako chimangoona wakuba pamene chipani chako chili kunja kwa boma, ndiwe wa kampeni chabe, kungoti sunalandire tisheti.

Mnzanga wina wolemba masewero a pa wailesi ananditsutsa pa zimenezi. Anati, "Asisi, anthu avutika kale tsiku lonse pa mzere wa mafuta, ndiye madzulo muwapatsenso nkhani yoti wakuba wapambana? Asiyeni aone chilungamo ngakhale cha pa wailesi." Mfundo yake ndi yomveka ndipo sindiitaya. Koma sindikupempha kuti wakuba azipambana nthawi zonse. Ndikupempha kuti akagwa, agwe ndi dzanja la munthu: kalaliki amene anasunga fotokope, namwino amene anawerenga makatoni n'kukana kusaina, komiti ya m'mudzi imene inapita kwa DC kukafunsa za ndalama za CDF, mzimayi amene anagwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020 koma ambiri sitiligwiritsa. Ndipo nkhaniyo ionetse mtengo wake, chifukwa wosunga fotokope uja kawirikawiri amasamutsidwira ku Chitipa kapena ku Nsanje mwezi wotsatira. Mphenzi ndi misala sizingaitanidwe ndi wowerenga aliyense. Fotokope angathe kuipanga.

Sindikuganiza kuti nkhani yopeka ingabweze tambala imodzi ku Account Number One, thumba lalikulu la ndalama za boma. Imeneyo ndi ntchito ya ACB, ya komiti ya PAC yoona za kayendetsedwe ka ndalama za boma ku Nyumba ya Malamulo, ya makhoti ndi ya atolankhani, ndipo wolemba amene amadziona ngati woweruza akudzinamiza. Panopa ndikulemba nkhani ya mayi wina wa mu ofesi yogula katundu amene wapatsidwa fayilo Lachisanu madzulo kuti asaine. Ndisanapitirire tsamba lachitatu ndinapita kukakhala kumbuyo m'khoti ku Lilongwe, kumvera mlandu wina wa ndalama. Loya wa mbali imodzi sanabwere, mboni inali itapita kumaliro, woweruza anayang'ana kalendala n'kutchula tsiku la miyezi iwiri kutsogolo. Zonse zinatenga mphindi zochepa. Wozengedwayo anatuluka akuseka pa foni, ndipo wapolisi wa pakhomo anamuchitira sawatcha. Zimenezi ndaziika m'nkhaniyo momwe zinalili, ndipo mayi uja akusaina pa tsamba lachisanu ndi chimodzi.