Mlatho wa ku Mtakataka ndi maminitsi a khonsolo

Lolemba tinakumana mu ofesi ya a DC, bwanamkubwa wa boma lathu, monga mwa nthawi zonse: ife oyendetsa ofesi, a zachuma, a mapulani ndi chitukuko, a zomangamanga, a zaumoyo ndi a maphunziro. Nkhani inali imodzi. Lachisanu kuli msonkhano wa khonsolo yonse, ndiye makalata oitanira ndi malipoti a makomiti afike kwa mamembala nthawi ikadalipo.

Anthu ambiri kuno ku Dedza amaganiza kuti bwanamkubwa amagamula yekha zonse. Si choncho. Kuchokera pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, ogamula ndi khonsolo. Makhansala amavota, mafumu amakhalapo ndi kuyankhula koma savota. A DC ndi mkulu wa ife ogwira ntchito, ndiponso ndalama ikasokonekera oyankha ndi iwo. Akuluakulu a mu ofesi amakumbukabe zaka za 2005 mpaka 2014 pamene kunalibe makhansala, ndipo ine sindifuna tidzabwererenso kumeneko, ngakhale misonkhano yawo imatitopetsa.

Lachiwiri ndinatsika phiri kupita ku Mtakataka, kwa Kachindamoto, kumsonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu. Ku boma ndinachoka nditavala jekete, kumusi kunali thukuta lokhalokha. Mayi wina wachikulire, wapampando wa VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) ya kwawo, anatulutsa kope la ana asukulu lopindika m'makona, nalitsegula pa tsamba limene analemba pempho la mlatho.

"Bwana, nkhaniyi tinaibweretsa kale konkuno. Mvula ikagwa ana sawoloka, amangokhala pakhomo. Kodi ikukanika pati?"

"Amayi, tiyeni tione kaye m'buku la alembi."

Tinafufuza, osaipeza. Inakambidwa ndithu, anthu onse anavomereza, koma sinalembedwe. Pempho limayambira ku VDC, lidutse ku ADC, akatswiri a ku DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi za boma) alione, kenako lilowe m'pulani ya chitukuko cha boma. Likagwa panjira, ngakhale ndalama za DDF (thumba la chitukuko cha boma) kapena CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu) zibwere, palibe angalitole. Ndinakhala pansi ndi alembi a ADC, tinalemba dzina la mtsinje, midzi yogwiritsa ntchito njirayo, sukulu ili kutsidya ndi miyezi imene madzi amasefukira. Mayi aja anati tiwawerengere mokweza asanasainire. Anachita bwino.

Lachitatu ndinali ku msika wa Chimbiya kuona mabuku a matikiti. Ogulitsa mbatatesi sakana kulipira, koma amafunsa kuti ndalama yawo yapita kuti pamene chimbudzi chikufunika kukonza. Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo ndinalilemba mu lipoti momwe analinenera. Lachinayi linatha ndi mafomu a tchuthi, kugawa galimoto ndi mafuta ochepa kwa nthambi zonse, komanso kukonza ulendo wa maliro a mnzathu wina wa ntchito.

Lachisanu holo inadzaza. Atatha pemphero, wapampando wa khonsolo anatsegula zokambirana, a DC ali pambali pawo, ine kumapeto kwa tebulo ndi cholembera. Pa bajeti mawu anakwera, khansala aliyense akukokera ku wodi yake. Ena amadana nazo, koma ine ndimaona kuti ndi zimene anthu anawatumira. Chimene sindilola ndi kutseka mfundo ndi mawu oti "tiona". Ndimanong'oneza a DC kuti afunse: achita ndani, pofika liti, ndalama ichokera thumba liti? Chimbudzi cha ku Chimbiya anachipereka ku nthambi ya zomangamanga, ndi tsiku lobweretsa mtengo wake. Mlatho uja sunafike pano, uyamba wapita ku DEC, ndipo ndauika kale pa ajenda ya mwezi wamawa.