Shuga wa mu jamu ntchito yake ndi kugwira madzi

Zandilowa tsopano, ndipo mtima wakhala pansi: shuga mu jamu sitiikira kutsekemera kokha, timaikira kugwira madzi. Akafika magawo 60 mpaka 65 pa 100 alionse, madzi otsala amakhala omangika, moti chuku ndi tizilombo tovunditsa zimasowa pomwa. Pekitini naye, kachinthu kachilengedwe ka m'zipatso kolimbitsa jamu, akalandidwa madzi, asidi ali pomwepo, amayamba kugwirana yekhayekha. Kulimba kwa jamu n'kumeneko.

Ukamvetsa zimenezi, nkhani ya asilikali a Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 sivutanso. Kumayambiriro kwa nkhondoyi, msilikali ankayenera kulandira jamu wa magalamu pafupifupi 113 patsiku, chifukwa zipatso zomangidwa madzi zimayenda ulendo wautali m'chitini osaonongeka, komanso zimathandiza kumeza mabisiketi ouma gwa. Wambiri ankachokera ku fakitale ya Tickler ku Grimsby, tauni ya ku England, wa mapulamu osakaniza ndi maapozi, mpaka asilikali kutopa naye. Maapozi ali ndi pekitini wochuluka, n'chifukwa chake jamu wotere savuta kulimba. Zitini zikatha, ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915 asilikali ankaikamo zophulika ndi tizitsulo n'kukhala mabomba.

Mango athu ndi osauka pa pekitini ndi asidi yemwe. Pa kilogalamu imodzi ya mnofu ikani shuga magalamu 800 ndi madzi a mandimu awiri, ndipo sakanizanimo mango ena osapsetsa. Phikani zipatso kaye zifewe, thirani shuga asungunuke pamoto wochepa, kenako wiritsani mwamphamvu. Mukachepetsa kwambiri shuga pofuna kupulumutsa ndalama, madzi amatsala omasuka, chuku n'kumera pamwamba. Mukawiritsa nthawi yaitali, pekitini amaonongeka ndipo jamu amada.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi ambiri amangotilembetsa kuti jamu amapsa pa madigiri 105, basi belu lalira. Nambala imeneyo ndi ya malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Kuwira kwa madzi kumatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse okwera. Lilongwe ili pamwamba pa mamita 1,000, ndiye jamu amakhala wapsa cha pa 101. Wodikira 105 amapeza chinthu chouma chokana mpeni. Kufotokoza izi kukanangotenga mphindi zisanu!

N'chifukwa chake kwa ine kambale kozizira kamaposa chida chilichonse choyezera kutentha. Chotsani poto pamoto, donthezani jamu pang'ono pakambale, dikirani mphindi imodzi, kankhani ndi chala. Pakachita makwinya, wapsa. Thirani ali wotentha m'mabotolo owiritsa n'kutseka. Kambale sikanama, kaya muli ku Nsanje kaya ku Dedza.

Pomwe sindinamange mfundo ndi potchula jamu kuti ndi chakudya chopatsa thanzi. Kwa msilikali wogona m'ngalande yozizira, mphamvu ya shuga inali yofunikadi. Koma vitamini C wina amathera pamoto, ndipo koposa theka la supuni iliyonse ndi shuga. Kwa mwana wodya buledi wa jamu m'mawa uliwonse, kaya tiziti n'chipatso kaya n'switi, apa ndikadasinkhabe.