Sabata imodzi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Kasungu

Lolemba chitseko cha alendo chimakhala chotseka, koma ntchito ndiye imakula tsiku limeneli. Tisanagwire tsache, timayamba tazungulira ndi tochi, kuunika pansi pa chinthu chilichonse chamtengo, chansungwi kapena chachikopa. Tsache limafafaniza umboni. Kaufa kosalala kogwera pansi pa mtondo kapena lichero kakutiuza kuti anankafumbwe ali m'kati ndipo akudya. Kanjira kadothi kokwera khoma ndi chiswe. Ubweya wothothoka pa ng'oma kapena pa chishango ndi njenjete. Chinthu chikatikayikitsa, timachiika pa pepala loyera n'kuchisiya masiku 7. Ufa watsopano ukagwa, ndiye kuti tizilombo tikadali moyo.

Chogwidwa ndi tizilombo sitichithira mankhwala a m'chimanga. Amadetsa, ndipo ana asukulu akabwera adzayandikira pomwepo. Timachikulunga m'pepala lofewa, n'kuchilowetsa m'jumbo yapulasitiki yokhuthala, kutulutsa mpweya, kumata pakamwa ndi tepi, kenako n'kuchiika mufiliza yozizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku osachepera 7. Magetsi akazima nthawi yaitali filiza n'kufunda, timayambiranso kuwerenga masiku. Potulutsa, jumbo isatsegulidwe mpaka papite maola 24, kuti mame agwire kunja kwa pulasitiki, osati pa chinthucho. Ambiri amalakwa pamenepa: amatsegula msanga chifukwa cha chidwi, lichero n'kunyowa, patapita masiku n'kuchita nkhungu. Ng'oma yokungika kwambiri sitiithamangitsira mufiliza, chikopa chingang'ambike. Timaipatula m'chipinda china n'kumaiyang'anira.

Lachiwiri ndi la kaundula, ndipo ine ndimati ntchito yeniyeni ili apa. Munthu akabwera ndi khasu la agogo ake, sitilandira n'kungothokoza. Timamukhazika pansi, n'kumufunsa modekha: "Bambo, khasuli anasula ndani? Kumudzi kuti, kwa mfumu yaikulu iti? Ankalimira kapena linali losunga? Mukutipatsiratu kapena mukutibwereka?" Funso lomalizali likapanda kulembedwa ndi kusainidwa, pakatha zaka zitatu adzukulu amabwera kudzatenga katundu wawo, ndipo mlandu wake suweruzika.

Chinthu chilichonse chimalandira nambala ya zigawo zitatu: chaka, gulu la zimene zabwera limodzi, ndi malo ake m'gululo. Nambala 2024.7.3 ikutanthauza chinthu chachitatu m'gulu la nambala 7 la chaka cha 2024. Timayeza utali ndi m'lifupi m'masentimita, kulemba ming'alu imene chabwera nayo, ndi kuchijambula mbali zitatu, rula ili pambali. Nambala imalembedwa pamalo obisika. Pa mtsuko kapena pachitsulo timayamba tapaka kamzere ka Paraloid B-72, mankhwala oonekera ngati vanishi, kakauma timalemba ndi inki, n'kupakanso pamwamba. Mankhwalawa akasowa, kakhadi komangirira ndi ulusi wathonje kamakwanira. Tepi yomata ndi yoletsedwa: imayobola pamwamba pa mbiya, ndipo ikauma imagwa yokha, chinthu n'kutsala chopanda dzina. M'zipinda zosungira zambiri muli mikondo ndi mibiya yokongola imene palibe akudziwanso kwawo. Ilipo ndithu pa shelefu, koma siingaphunzitsenso mwana kanthu.

Odzipereka atsopano timawaphunzitsa zinthu zochepa koma zosanyengerera. Mtsuko umanyamulidwa ndi manja awiri kunsi, osati pamlomo. Mphika wakale sutsukidwa, chifukwa mwaye ndi zotsalira za m'kati ndi mbali ya mbiri yake. Nkhwangwa kapena kasemasema wadzimbiri sakwechedwa ndi sandipepa kapena kudzozedwa mafuta ophikira. Burashi youma ndi malo ouma, basi. Mkeka umapindidwa mozunguliza, osauthyola pakati.

Lachitatu timakwera njinga kupita kumidzi kukajambula mawu a akuluakulu. Timayambira kwa amfumu, osalowa m'mudzi ngati mbuzi. Agogo akavomera, chilolezo chawo chimajambulidwa choyamba, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la mudzi. Foni iikidwe pa nsalu, kutali ndi mphepo ndi chigayo, ndipo kucheza kusapitirire ola limodzi, chifukwa munthu wamkulu akatopa amangovomera chilichonse. Madzulo omwewo mawuwo amakopedwa malo awiri.

Zakudambwe zimafuna mutu wofatsa. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005, ndipo alendo amafunsa za iye kuposa china chilichonse. Koma kutchuka kwake sikutipatsa ife ufulu woyalula zonse pagalasi. Chimene eni mzinda anena kuti chisaonekere, sichionekera, ndipo mawu olembedwa pa khadi amayamba awamva iwo. Ku Mua, ku Dedza, nyumba ya Chamare inasonkhanitsa zambiri za gule. Ife a nyumba zazing'ono tisathamangire kufanana nayo popanda kuyenda ndi eni ake.

Lachinayi kumabwera ana asukulu. Kalasi yonse ikalowa nthawi imodzi palibe amene amamva, ndiye timawagawa m'magulu a ana 15, gulu lililonse mphindi 20. Pakhonde pamakhala zinthu zogwira, zopangidwa dala: mtondo ndi munsi, mphero, uta. Mwana amene wapera mapira pamphero salimbananso ndi zam'kati.

Ana ambiri amadabwa kumva kuti makolo athu ankayenga chitsulo kuno komweko. M'nkhalango ya Kasungu National Park muli zotsalira za ng'anjo ndiponso zojambula za pamiyala. Timawafotokozera kuti zofiira zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, pamene zoyera zambiri n'za alimi a Chichewa, zokhudza chinamwali ndi nyau, monga za ku Chongoni, ku Dedza, kumene kuli malo 127 ndipo kunalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Timawachenjezanso: kuthira madzi pa chojambula kuti chiwale pa foni kumachiwononga, kulembapo dzina ndi khala n'kuchipha, ndipo moto wosonkha pansi pa thanthwe umachiphimba ndi mwaye. Wopeza mbiya kapena mafupa polima asafukule. Auze amfumu, uthenga ukafike ku dipatimenti yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi zipilala.

Lachisanu ndi la malisiti, buku la alendo ndi kugawana masiku. Mvula ikayandikira odzipereka amachepa, chifukwa kuno fodya sadikira munthu: nazale ifuna madzi m'mawa ndi madzulo, mizere ifuna kukonzedwa. Si bwino kuwadandaula. Ntchito zolemetsa zonse zigwiridwe Okutobala asanathe.

Loweruka timakwera padenga. Msomali umodzi wosukusa pa lata umadontheza madzi pa shelefu usiku wonse, choncho mabowo amamatidwa ndipo ngalande zimachotsedwa masamba mvula yoyamba isanagwe. Mipata ya mileme imatsekedwa ndi waya wa sefa madzulo, itatuluka kale. Mashelefu akhale masentimita 15 kuchokera pansi, ndipo asagunde khoma, kuti chiswe chikamakwera chioneke. Kachipangizo koyeza chinyezi timakawerenga 8 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, n'kulemba m'buku. Kakapitirira 65 peresenti masiku angapo otsatizana, nyanda ndi zikopa zimayamba nkhungu, ndiye mazenera amatsegulidwa masana owuma okha, n'kutsekedwa dzuwa likapendeka. Pomaliza, anthu awiri amasankha nambala 10 m'kaundula n'kukafufuza chinthu chilichonse pamalo pake. Chimodzi chikasowa, makiyi sabwezedwa mpaka chipezeke.