Lachisanu, 28 June 2024: usiku wa ku Marseille

Lero thupi linali pantchito koma mtima unali ku Marseille. Ndimangoyang'ana wotchi, ndipo pa nthawi yopuma masana ndinawerenga kawiri konse mayina a osewera a Bordeaux-Bègles, timu ya rugby imene ndimaisapota, pafoni, ngati kuti asintha. Nditaona dzina la Matthieu Jalibert, yemwe anali wovulala masabata apitawa, mtima unakhalako pansi.

Aka kanali koyamba timuyi kufika mu ndime yomaliza ya Top 14, ligi yaikulu ya rugby ku France. Chaka chino masewerowa sanachitikire pa Stade de France chifukwa bwalolo akulikonzera ma Olympic, ndiye anawapititsa ku Stade Vélodrome, bwalo la ku Marseille. Ndinakhala pa TV nthawi isanakwane, kapu ya madzi ili pambali, ndipo mpaka kumapeto sindinaikhudze.

Toulouse 59, Bordeaux 3. Ndalemba manambalawa ndipo ndikuwayang'anabe.

Antoine Dupont wa Toulouse anayamba kutizunza masewero atangoyamba kumene. Mnyamatayu ndi wamfupi, koma akatola mpira kumbuyo kwa chigulu cha osewera amaona kampata komwe ena onse sakukaona, ndipo mukamati mumugwire amakhala wadutsa kale. Chaka chino sanasewere nawo Six Nations, mpikisano wa mayiko asanu ndi limodzi a ku Ulaya, chifukwa amakonzekera rugby ya osewera 7 ya ku Olympic, koma lero sanaoneke ngati munthu amene wagawa mphamvu zake pawiri. Ife mbali yathu, Damian Penaud ndi Louis Bielle-Biarrey, omwe akhala akuthamangitsa matimu chaka chonse, ankangoima m'mbali mwa bwalo kudikira mpira womwe sumawafika.

Chimene chikundiwawa n'chakuti anyamatawa anafika ku Marseille atatha kale. Matimu 14 amasewera masewero 26 aliyense, kenako asanu ndi imodzi apamwamba ndiwo amalimbirana chishango. Awiri oyamba amapuma sabata imodzi. Toulouse inathera pamwamba, inapuma. Bordeaux inali yachitatu, choncho inayenera kudutsa kaye Racing 92, kenako Loweruka lapitali n'kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi pogonjetsa Stade Français 22-20. Toulouse inali itathana kale ndi La Rochelle Lachisanu. Rugby ndi masewero ogundana thupi ndi thupi, tsiku limodzi lopuma si laling'ono. Chigawo chachiwiri ndinaona osewera athu akudzuka pansi mochedwa, manja ali m'chiuno, pomwe Toulouse imalowetsa anthu atsopano amphamvu ngati omwe atulukawo.

Sindikuchepetsa Toulouse ayi. Mwezi wathawu, pa 25 May, inagonjetsa Leinster 31-22 ku London n'kutenga Champions Cup, chikho chachikulu cha makalabu ku Ulaya, ndipo chishango cha Top 14 cha lerochi, Bouclier de Brennus, ndi chachi 23 ku timuyi. Mphunzitsi wawo Ugo Mola wamanga gulu loopsa. Koma Bordeaux imene ndakhala ndikuionera kuyambira chaka chatha, yodzaza bwalo lake la Stade Chaban-Delmas sabata ndi sabata, si ya mapointi atatu.

Sindinazimitse TV. Ndinaonera mpaka atanyamula chishango chachikulu chija chamtengo ndi mkuwa. Kamera inadutsa pa wosewera wathu Maxime Lucu ataima chete, maso ali pansi, ndipo ine misozi inalengeza. Mnzanga wina amene amasapota Toulouse wandiimbira kawiri. Ndimuyankha mawa.