Madzi abwerera pa dimba: zikomo nonse, makamaka abambo a mapampu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, madzi abwerera. Lachitatu masana thanki ya malita 5,000 inadzaza mpaka kusefukira, koyamba chiyambire sabata yachiwiri ya Seputembala. Mulungu alemekezeke. Matupi aphwanyika, m'manja muli matuza okhaokha, koma tati tisagone tisanathokoze.

Nkhani mukuidziwa kale. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakanika, mu Epulo 2024 boma la Zimbabwe linalengeza kuti chilalachi ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo zitsime za kuno ku Domboshava, kufupi ndi Harare, zinayamba kutsika madzi nyengo yozizira isanathe n'komwe. Chathu chinatsika mpaka pampu inayamba kukoka mpweya, n'kupsa. Masabata asanu ndi awiri opanda pampu, m'miyezi yomwe dzuwa limaswa mtengo. Mabanja 36 amene munalipiriratu gawo lanu la masamba munkalandira dengu la theka, masabata ena losafika n'theka lomwe.

Oyamba kuwathokoza ndi abambo athu a ku Mufakose mumzinda wa Harare, mkulu wa mpingo uja ambiri mumangowatchula kuti abambo a mapampu. Dzina atiletsa kulilemba pano. Anakwera makombi awiri ndi chikwama cha masipanala, kamita koyezera magetsi, ndi chingwe chachitali chomangirira kabotolo kumapeto. Palibe anawatuma. Anangomva pa mapemphero a Lachinayi kuti pampu yafa, m'mawa mwake anali ataima pa chitsime.

Zimene anapeza tizilemba bwinobwino, chifukwa ambiri mwa inu muli ndi zitsime ku mapuloti anu ndipo vuto lomweli likhoza kukugwerani. Pampu yathu ya sola inali ya mtundu wa sikuluwu: chitsulo chopotoka chimazungulira m'kati mwa labala, ndipo madzi omwe ikupopawo ndi amene amafewetsa labalayo n'kuziziritsa mota. Ikangozungulira youma, labala imapsa pa mphindi zochepa chabe. N'chifukwa chake pamakhala kachipangizo komva madzi, komangidwa pamwamba pang'ono pa pampu, kuti madzi akatsika kazimitse zonse. Abambo atatsegula bokosi la kontirola anapeza kuti kachipangizoko sikanalumikizidwe chiikireni pampu. Amene anatiikira anangodutsitsa kawaya kakafupi pa malo ake, ndiye bokosi linkaona ngati madzi alipo nthawi zonse. Zaka za mvula yabwino cholakwacho sichinaonekere. Chaka chino chaonekera. Tsegulani mabokosi anu muone, kapena itanani wodziwa akuonereni.

Kenaka anayeza ndi chingwe chawo chija. Chitsime n'chakuya mamita 55. Pampu inapachikidwa pa mamita 32. Madzi omwe kale ankaima pa mamita 14 tsopano m'mawa ankaima pa 24, ndipo pampu ikayamba kukoka mwamphamvu masana ankatsika kupitirira pamene inali. Iwo anati kugula pampu ina n'kuipachika pomwepo n'kutaya ndalama kawiri. Anazungulira okha mashopu a m'tauni masiku atatu akuwerenga zolembedwa pa mapampu, kukana onse osafika mamita 70 a mphamvu yokankhira madzi m'mwamba, poti pa kuya kwa chitsime pamafunika kuwonjezerapo mamita anayi a nsanja ya thanki ndi mphamvu imene imatayika m'mapaipi. Yatsopanoyi aitsitsa mpaka mamita 48, kusiya mamita asanu ndi awiri pansi kuti isamakoke mchenga. Awonjezera paipi yakuda ya mamilimita 32 yotalika mamita 16, polumikiza waya athirapo utomoni wosalowa madzi m'malo mokulunga tepi, amangirira chingwe cha nayiloni choti chiigwire paipi ikaduka, aika valavu yoletsa madzi kubwerera pansi, ndipo kachipangizo komva madzi akamanga mita imodzi pamwamba pa pampu n'kukayesa ife tikuona. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti liwiro analichepetsa dala. Pampu ingathe kutulutsa malita oposa 1,000 pa ola, iwo aisiya pa 600, kuti isakoke madzi mofulumira kuposa mmene chitsime chimabwezeretsera. Ndalama ya ntchito yonseyi anaikana. Ngakhale ya kombi tinachita kuwaikira m'thumba la jekete mobisa.

Abambo, Ambuye akukumbukireni. Mawondo anu aja mumadandaula nawo, munawagwaditsa pa simenti yotentha tsiku lonse chifukwa cha masamba a ana a eni.

Ndalama ya pampu inachokera kwa inu, dola imodzi, madola asanu, ena potumiza pa foni kudzera pa EcoCash usiku, ena m'kaenivelopu pa Sabata. Amayi ena amasiye a ku Highfield anabweza dengu lawo la masabata awiri kuti tiligulitse ndalamayo ipite ku pampu. Sitinaligulitse, tinawabwezera, koma mtima wawowo tinaulandira.

Pamene ndalama inkasonkhanitsidwa, dimba linakhala ndi moyo pa mitu ndi pa mapewa a achinyamata. Aneba athu a kumunsi anatilola kutunga pa chitsime chawo cha m'dambo, zikomo kwambiri achimwene. Masamu ake anali owawa. Mu Okutobala bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita khumi m'litali limamwa pafupifupi malita 50 pa tsiku. Tili ndi mabedi 60, ndiye kuti malita 3,000. Ngolo ndi mawilibala zinkakwanitsa zigubu 30 za malita 20, malita 600 basi. Tinayenera kusankha zofa ndi zotsala. Tinasunga mabedi 20, lililonse zigubu zitatu tsiku lina, tsiku lina osathirira, kuthirira kwake madzulo dzuwa litapendeka, pa tsinde penipeni. Mabedi onsewo tinawaphimbira ndi udzu wouma wokhuthala ngati chikhatho choimika, koma osakhudzitsa ku tsinde kuopa chiswe ndi kuwola. Kuphimbirako n'kumene kunachititsa kuti madzi ochepawo akwane. Ukapisa chala pansi pa udzu tsiku lachiwiri dothi limakhala likadali lozizira, pamene bedi la pambali losaphimbira lauma gwa ngati njerwa.

Tinasunga covo, ndiwo yamasamba yofanana ndi repu, chifukwa mizu yake inali itazama kale ndipo amaphukanso ukamuthyola. Anyezi wa Texas Grano anali atayamba kugwetsa makosi, nthawi yomwe timasiya kumuthirira ndi kale, choncho sanatidyere madzi. Tomato tinasunga mabedi asanu ndi limodzi. Letesi, sipinachi, repu ndi nazale yonse ya kabichi tinaziona zikufota tili chiimire. Mpiru, uja kuno amati tsunga, unathamangira kuchita maluwa n'kuyamba kuwawa, monga umachitira ukamva ludzu ndi kutentha.

Ena munafunsa za tomato wakuda kunsi amene munamupeza m'madengu. Si matenda ogwidwa ndi mankhwala opopera. Mchere wa kashiamu umayenda ndi madzi kuchoka m'nthaka kupita ku chipatso, ndiye mbewu ikamwa lero mawa n'kukhala ndi ludzu, kunsi kwa chipatso sikulandira, kumada n'kuphwa. Mankhwala ake ndi kuthirira mosadukiza, chinthu chomwe tinalibe. Pamwamba pa izo anabwera akangaude ofiira aja amakonda kotentha ndi kouma. Mumawaona mukatembenuza tsamba: timadontho tofiira tating'onoting'ono ndi ulusi wopyapyala, pamwamba tsamba likuoneka ngati lawazidwa phulusa lachikasu. Tinathothola masamba onse am'munsi n'kuwakwirira kutali, otsalawo tikuwatsuka kunsi ndi madzi a sopo m'mamawa kawiri pa sabata. Mabedi anayi anapulumuka, awiri tinazula.

Amayi a chigwirizano, inu ndi amene munatchinga manyazi athu. Mu Juni ndi Julayi repu ndi mpiru zitachuluka kuposa madengu, munakana kuti zotsala zipite ku kompositi. Munaduladula, kuviika m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kukhetsa, kuyanika pa mphasa zoyala pa thandala masiku atatu mpaka tsamba likuthetheka m'manja, n'kusunga m'zidebe zotseka bwino. Ena tinkaona ngati ndi ntchito yongowonjezera. Mfutso umenewo ndi umene unalowa m'madengu masabata asanu otsatizana, makapu awiri pa banja, ndipo kapu imodzi ndi nsinjiro ndi ndiwo ya banja lonse. Chaka chamawa tidzafutsa kawiri kuposa apa, ndipo tidzayamba ndi nkhwani ndi chitambe mvula ikadali m'kati.

Pali mawu amodzi owawa oti tinene. Mabanja anayi anapempha kuti tiwabwezere ndalama zawo, ndipo tinabweza mosanyinyirika, aliyense ali ndi poto wake wofuna ndiwo. Chimene chinatilasa ndi aja analemba pa gulu la WhatsApp kuti dimba latha, anthu azingopita ku msika waukulu wa Mbare Musika, pamene achinyamata anali pa msewu ndi zigubu. Ndi aja timakhala nawo benchi imodzi pa Sabata koma masabata asanu ndi awiri osaimba foni ngakhale kamodzi kufunsa kuti kodi mwadzuka bwanji kumeneko. Takhululuka, ndipo chipata n'chotsegula. Koma zinatipweteka, ndipo kubisa kungakhale kunama.

Tibwererenso kwa abambo a mapampu, poti ntchito yawo sinathere pa pampu. Madzi atatuluka ife tinkafuna kutsegula mizere yonse nthawi imodzi. Anatigwira dzanja. Anamasula sefa ya pa thanki n'kutionetsa mchenga ndi ndere zomwe zinali zitaumiramo, anatsegula mapeto a mapaipi onse a dripu kuti madzi oyamba atuluke ndi zinyalala, kenaka anayenda mzere ndi mzere atawerama, kuyang'ana kabowo kalikonse ngati kakudontha. Timabowo ta mapaipi athu n'totalikirana masentimita 30, ndiye werengani nokha kuti anawerama kangati. Totsekeka anatilemba ndi choko. Atisiyira lamulo lolemba pa chitseko cha shedi: sefa kutsuka Lolemba lililonse, mapeto a mapaipi kutsegula kamodzi pa mwezi, madzi a m'chitsime kuyeza ndi chingwe pa 1 mwezi uliwonse m'mawa pampu isanayambe, n'kulemba m'kope. Chingwe chawo chija atisiyira.

Tsopano za madengu. Loweruka lino banja lililonse lilandira mitolo iwiri ya covo, tomato kilogalamu imodzi, anyezi asanu, karoti pang'ono ndi kapu yomaliza ya mfutso. Karoti wina mumupeza wong'aluka. Amatero akamwa madzi ambiri mwadzidzidzi pambuyo pa ludzu, ndipo ndi wabwinobwino kudya, kungoti musamusunge nthawi yaitali. Repu tafesanso pa nazale. Mbande zimatenga pafupifupi mwezi kuti tiwokere, ndi mwezi wina kuti tiyambe kuthyola, choncho musamuyembekezere Khirisimasi isanafike. Chodzaza mpatawo ndi ndiwo zathu zakwathu zomwe zimathamanga mvula ikangogwa: bonongwe ndi luni poyamba, kenaka nkhwani, chitambe ndi therere, kholowa pambuyo pake. Ana obadwira kuno amene amazidziwa ndi maina akuti mowa, nyevhe ndi muboora, ndi zomwezo. Tomato achepa m'miyezi ya mvula chifukwa cha chiwawu, tikuuziranitu.

Chimanga chachiwisi tikudzala pa puloti ya Pfumvudza, ulimi wa m'mapando ophimbira ndi udzu, mamita 39 ndi 16, mizere 52, mapando 28 pa mzere, masentimita 75 pakati pa mizere ndi 60 pakati pa mapando. Mapando akumbidwa kale, manyowa athiridwa, udzu wophimbira ndi umene ukuperewera chifukwa wambiri unapita ku mabedi. Amene muli ndi udzu kapena masamba ouma a mitengo, tiuzeni tidzatenge. Mvula ikabwera bwino, mondokwa ulowa m'madengu cha mu Febuluwale.

Masabata asanu ndi awiri a dengu loperewera aja sitinawaiwale. Banja lililonse lomwe linapirira tiliwonjezera masabata atatu aulere kumapeto kwa nyengo. Sizikufanana ndi zomwe munataya, koma ndi zomwe dimba lingakwanitse osagwanso.

Timathyola Lachisanu mbandakucha, isanakwane 8 koloko, n'kufunditsa masamba ndi masaka onyowa pa mthunzi. Ofuna kuthandiza, nthawi yake ndi imeneyo. Malo otengera ndi omwe aja ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa, Loweruka kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Chonde bwezani madengu ndi masaka, atsala ochepa kwambiri.

Atate wakumwamba, tipatseni mvula yofatsa, yopanda matalala, yolowa pansi mpaka zitsime zidzuke. Dalitsani dzanja lililonse lomwe linanyamula chigubu. Ndipo abambo athu a ku Mufakose muwapatse mphamvu m'mawondo ndi masiku ambiri.

Abambo, dengu loyamba Loweruka lino ndi lanu, ndipo likhala lanu sabata iliyonse nyengo yonseyi. Tikudziwa kuti mukana. Tauza kale amayi kunyumba, iwo alandira.