Gwape amene ndinamupha ndi chifundo

Ndinakapeza m'mawa, m'udzu wautali m'mbali mwa kanjira. Kamwana ka gwape, kochepa ngati mphaka, kali phee, khosi lili pansi, maso okha akuphethira. Ndinayang'ana uku ndi uku, make osaoneka, ndipo mumtima ndinagamula msanga kuti nkamasiye. Ndinakakulunga mujuzi n'kupita nako kunyumba, komwe ndinakamwetsa mkaka wa ng'ombe. Tsiku lachiwiri kanayamba kutsegula m'mimba, lachitatu kanafa.

Dokotala wa ziweto amene ndinamufotokozera pambuyo pake sanandinyengerere. "Munakaba kwa make," anatero. Gwape amabisa mwana m'udzu n'kukadya patali, ndipo amabwera kudzayamwitsa kangapo chabe pa tsiku. Kukhala phee kuja ndiko kudziteteza kwa kamwanako, kuti chilombo chidutse osakaona. Kalulu ndiye amaposa, amayamwitsa kamodzi basi, kukamada. Mwina make anali pafupi pomwepo, akudikira kuti ndichoke. Mkaka wa ng'ombe nawo sugwirizana ndi m'mimba mwa tiana ta nyama zakutchire, ndipo mantha okha ogwidwagwidwa ndi anthu amatha kupha nyama yotere.

Mwezi watha ndinapeza kamwana ka pumbwa pansi pa mtengo, ndipo manja anayamba kuyabwanso. Koma kanali ndi nthenga thupi lonse, kakudumphadumpha. Mbalame zambiri zimatuluka m'chisa zisanadziwe bwino kuuluka, makolo n'kumazidyetsera pansi. Ndinatsekera mphaka m'nyumba, ndinakhala patali n'kumayang'ana. Sipanathe mphindi 20, make anatera ndi kachirombo kukamwa. Kakanakhala kopanda nthenga ndikanakabwezera m'chisa. Zoti mbalame imakana mwana wake akamveka fungo la munthu ndi nkhambakamwa chabe.

Mbalame yovulala imaoneka: magazi, phiko lolendewera, ntchentche zikuzungulira, thupi lozizira. Yogwidwa ndi mphaka nayo ifunika dokotala ngakhale bala lisaoneke, chifukwa tizilombo ta m'kamwa mwa mphaka timatha kuipha m'masiku ochepa. Mbalame yotere ndimaivundikira ndi nsalu, kuiika m'katoni yoboola mabowo, pamalo amdima, otentherako ndi opanda phokoso, kenako kuimbira foni oyang'anira nyama zakutchire kapena dokotala wa ziweto. Chakudya ayi. Madzi odontheza kukamwa ndiye oopsa, amalowera kumapapo.

Mleme, nkhandwe, kapena nyama iliyonse yakutchire imene ikubwera kwa munthu mopanda mantha, imeneyo sindiikhudza n'komwe, chifukwa ikhoza kukhala ndi chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, kuchira n'kosowa kwambiri. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kapumbwa kaja kanakhala masiku atatu m'tchire la kuseri kwa nyumba. Lachinayi ndinakaona panthambi, kakulirirabe chakudya, mphaka akukayang'ana pawindo mokwiya.